Amuna Anga Anagula Galimoto ya Chibwenzi Changa Chakale

1

Tsiku limene amuna anga a Curtis anapuma pa ntchito, anzawo anawapatsa wotchi ndi keke. Ine ndinawapatsa pepala la zinthu zofunika kukonza pakhomo: denga la khonde, mpopi wa kubafa, chitseko cholira. Analiwerenga mpaka kumapeto, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika m'thumba.

"Rhonda," anatero, "ndikufuna kupanga galimoto."

"Mukuti kukonza?"

"Kupanga. Kuyambira pa bawuti yoyamba."

Ine ndine Rhonda Hollinger wa ku Marion, kuno ku Ohio. Ndili ndi zaka 57, ndipo 34 mwa zaka zimenezi ndazithera m'nyumba imodzi ndi bambo ameneyu. Ndikulemba chifukwa nkhaniyi yayenda kale m'tauni muno, aliyense akuikamba mokhotetsa. Bola muimve kwa mwini wake.

Chiyambire unyamata wawo, a Curtis ankalota Cobra, kagalimoto kopanda denga ka m'zaka za m'ma 1960, ka mipando iwiri koma phokoso ngati lole. Zenizenizo zili m'manja mwa anthu olemera, ife timangoziona pa kalendala. Anthu ngati ife timaitanitsa shasi, kapena kuti chimango chachitsulo, ndi thupi lapulasitiki lofanana nayo ndendende, koma m'kati mulibe kanthu. Injini, giyabokosi, ekiselo yakumbuyo, mabuleki, mawaya, thanki, zonsezo umazichotsa m'galimoto ina imene umaigula kuti uiphwasule basi. Ya a Curtis inkafuna galimoto ya mtundu wa Mustang ya pakati pa 1987 ndi 1993.

"Ndiye kuti mugula galimoto yamoyo kuti muiphe?" ndinafunsa.

"Ng'ombe yozinga, Rhonda. Chachikulu n'kusankha yonona."

Ndinaseka. Ndikanadziwa ng'ombe imene adzasankhe, ndikanawagulira mbedza tsiku lomwelo kuti azikawedza nsomba ngati madala anzawo.

2

Miyezi itatu tinayendayenda, Loweruka lililonse. Tikafika pakhomo pa eni, a Curtis ankangopereka moni n'kugona chagada pansi pa galimoto, tochi kukamwa, sikuludiraiva m'manja, n'kumabaya chitsulo ngati munthu woona ngati keke yapsa.

Pa yoyamba, sikuludiraiva inalowa yonse.

"Dzimbiri lokhalokha," anadandaula ali pansi pomwepo. "Mchere wa m'misewu wadya mpaka mapaipi a mabuleki. Anthu amamwaza mchere ngati alibe nzeru."

"Anthu ake ati?" ndinafunsa. "Si inu nomwe mwaumwaza zaka makumi atatu?"

Ntchito yawo inali imeneyo, kuyendetsa chilole chomwaza mchere m'misewu nyengo yachisanu kuti madzi oundana asungunuke. Mwini galimotoyo anaseka mpaka kutsokomola. A Curtis sanandiyankhule mpaka tinafika pa msewu waukulu.

Yachiwiri inali ya otomatiki, ndipo kwa iwo Cobra ya otomatiki ndi tchimo. Yachitatu inkanunkha mtsinje, mwini wake n'kumalumbira kuti madzi anangolekeza m'matayala. Yachinayi inali itadutsa m'manja mwa anthu asanu, aliyense atawonjezamo nzeru zake, mawaya ali piringupiringu ngati sipageti.

"Ndikufuna ya munthu mmodzi," anatero tikubwerera. "Yosintha magiya ndi dzanja, yosaona chisanu, yosagwidwagwidwa. Thupi likhale lophwanyika zilibe kanthu, thupilo sindikulifuna."

"Mukanasankha mkazi mosamala chonchi, bwenzi mpaka pano musanakwatire."

"Mkazi ndinasankha kamodzi, sindinayang'anenso ina," anayankha, n'kundigwira bondo.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, alamu anga a Marcy, mlongo wawo wamkulu wa a Curtis, anabwera kudzadya nafe. A Marcy ndi ine tinkapatsana moni, tinkatumizirana makadi a Khirisimasi, koma tinali tisanasekerepo limodzi.

"Nanga ija ya Duane Pickett?" anatero akudula nyama. "Mtengo unagwera shedi yake mwezi watha, denga la Mustang ija linaphwatalala. Akuti akuigulitsa."

Foloko inandipulumuka n'kugwera pansi.

"Yakuda ija ya 1988? Idakalipo?" Maso a a Curtis anawala. Kenako anatembenukira kwa ine, kumwetulira kukukula pang'onopang'ono. "Galimoto ya chibwenzi chako chakale, Rhonda. Ndiiphwasule ndi manja angawa? Ambuye ndi abwino."

Tauni yonse inkadziwa kuti ku sekondale ndinali pa chibwenzi ndi Duane. Chimenecho sichinali chinsinsi. Chinsinsi chinali china.

3

Sabata yonse ndinayesetsa. Lolemba ndinati galimoto yokhalitsa m'shedi imakhala ndi matenda obisika. Lachitatu ndinati anthu adzati a Curtis akuchita nsanje ya kusukulu. Lachisanu ndinati bwanji tipite ku Georgia, kopanda mchere, tikasake yabwino kwinaku tikupumako.

"Wayamba liti kudziwa za magalimoto iwe?" anandifunsa.

Loweruka tinapita.

Duane tinamupeza mimba itatsogola, tsitsi litabwerera m'mbuyo, koma pakamwa pali pomwe paja. Anatilandira akuyankhula, anatsegula shedi akuyankhula, anavundukula galimoto akuyankhulabe. Denga linali litaphwatalala mpaka pa mipando yakumbuyo, koma kutsogolo kunalibe ngakhale kachipsera.

A Curtis analowa pansi. Kenako ndinamva mluzu.

"Rhonda, bwera udzaone! Pansi pano ungadyerepo chakudya."

"Sinapondepo mchere imeneyi," anadzitama Duane. "Chisanu chikayamba imagona m'bulangete. Palibe makaniko amene anatsegulapo ngakhale dashibodi. Zonse zili mmene zinachokera ku fakitale."

Mawu amenewo ndi amene ndinkaopa.

"Injini ikugogoda," ndinatero.

Onse awiri anandiyang'ana.

"Sitinailize, Rhonda," anatero a Curtis.

Atailiza, inalira mosalala moti ndinasowa chonena. A Curtis anatsekula boneti n'kulowetsamo mutu ngati akupemphera. Apa m'pamene Duane anandiyang'ana m'maso koyamba.

"Imathamanga imeneyi. Rhonda akuidziwa."

Anati aseke, koma anangoyang'ana kumbali. A Curtis sanaone kanthu. Anagwirana chanza, ndipo Lolemba galimoto inafika pakhomo pathu itanyamulidwa pa lole.

4

"Mawaya ndichotsa ndine," ndinatero m'mawa woyamba.

Kuti uchotse mawaya, uyenera kuzula dashibodi yonse. Ndi ntchito imene aliyense amaithawa: kugona chagada pansi pa chiwongolero, khosi litapindika, fumbi likugwera m'maso.

"Iwe?" anadabwa a Curtis. "Iwe amene umandiitana kuti ndidzasinthe babu?"

"Manja anga ndi aang'ono, alowa paliponse. Inu limbanani ndi injini. Dashibodi musaikhudze."

Anavomera, koma anandipatsa lamulo lawo: chilichonse chochotsedwa, ngakhale kabawuti, chilowe m'kathumba kapulasitiki, kathumbako kalembedwe dzina, n'kukaikidwa pa shelefu. Iwo ankalemba ndi zilembo zikuluzikulu zooneka bwino ngati mphunzitsi wa sitandade wani.

Tsiku lina a Marcy anadutsa n'kupeza miyendo yanga ili panja pa chitseko cha galimoto.

"Ee, zachilendo! Koma Curtis, tizinthu ting'onoting'ono usamamupatse ameneyu. Timakathera mu sinki."

"Achemwali, zakale zimenezo," anatero a Curtis.

Ine ndinangopitiriza kumasula mawaya pansi pa chiwongolero.

Chodabwitsa n'chakuti ntchitoyo inayamba kundikomera. Wailesi ikuimba, khofi ali pa boneti, tinkacheza kuposa mmene tinachezera zaka khumi zapitazo. Ndinadziwa sipanala ya teni osaiwerenga. Zikhadabo zinada, ndipo sindinadandaule.

Masana ena a Curtis anasiya zimene ankachita n'kutsamira chitseko.

"Ukudziwa, ndinkaopa kupuma pa ntchito. Ndinkaganiza kuti ndizingokusowetsa mtendere m'nyumba. Sindinkadziwa kuti ungakonde chinthu changa chonchi. Zikomo, Rhonda."

Mawu amenewo anandibaya kuposa a alamu anga.

Sabata yachitatu, iwo atapita kutauni kukagula mafuta a mabuleki, ndinazula paipi ya mphepo imene imadutsa m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Ndinaigwedeza. Ndinaiunika ndi tochi. Ndinapisamo waya. Munatuluka fumbi, chotsekera cholembera ndi ntchentche zouma. Chimene ndinkafuna munalibe.

Ndinakhala pansi pa simenti n'kupumira m'mwamba. Ndinadziuza kuti chinagwera pamsewu kalekale, ndadzivutitsa chabe. Bokosi la hita yotenthetsa m'galimoto, limene linali kunsi kwa paipiyo, ndinaliponya pa mulu wa zotsala osaliganizira n'komwe. Tsiku limenelo ndinawaphikira payi ya maapozi, n'kumaimba.

5

Patapita masiku awiri, m'mawa, ndinapita kukaika kathumba pa shelefu. Pakati pa MABAWUTI A GIYABOKOSI ndi MAPAIPI A MABULEKI panali kathumba katsopano. Zilembo zake zinali zomwe zija, zooneka bwino:

MPHETE YA AMAYI. INAGWERA MU SINKI, JUNI 1989. YAPEZEKA M'HITA YA DUANE.

"Ndimati bokosilo ndimupatse mnzanga wina," anatero a Curtis kumbuyo kwanga. Anali pakhomo pa galaja, kapu ya khofi m'manja. "Ndinalitsekula kuti ndichotse chisa cha makoswe. Khalani pansi, mayi Hollinger. Ndikukumvetserani."

Zaka zonsezi ndinali iwe. Tsiku limenelo ndinasanduka inu.

Ndinawauza, monga ndikukuuzirani inu tsopano.

Mpheteyo inali ya malemu amayi awo, amene anamwalira a Curtis ali ndi zaka makumi awiri. A Marcy ankaifuna kwambiri, koma bambo awo anati ipite kwa mkazi amene Curtis adzatomere. Inabwera pa chala changa.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti ukwati uchitike, mantha anandigwira. Ndinali ndi zaka 23, ndipo ndinkaona moyo wanga wonse utayalidwa kale: tauni yomweyi, tchalitchi chomwechi, mpando womwewo mpaka manda. Duane anatulukira ndi Mustang yake yonyezimira. Anati, "Tiye ku Tennessee, kumeneko amakwatitsa tsiku lomwelo." Kunyumba ndinanama kuti ndikupita kwa azakhali ku Dayton kukayesa diresi. Ndinakwera.

Titawoloka mtsinje kulowa mu Kentucky, ndinavula mphete ija n'kuiika pa dashibodi, chifukwa inkandiotcha chala. Duane anamanga buleki mwadzidzidzi. Mphete inatsetsereka n'kulowa pa kabowo ka mphepo. Iye sanaone n'komwe, anali kalikiliki kufotokoza za injini.

Ndinabwerera tsiku lomwelo, chala chili chabe. M'mawa mwake ndinauza aliyense kuti mphete yagwera mu sinki ya amayi anga ndikutsuka mbale. Pa ukwati wathu a Marcy sanandiyankhule.

Nditamaliza, a Curtis anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Masiku awiri," anatero. "Ndinaphwasula mapaipi a nyumba ija mpaka kumsewu. Ndinalira pansi pa sinki ija kuti musandione. Inu mukundibweretsera madzi akumwa."

Anatuluka. Kathumba kaja anakasiya pomwepo.

6

Masiku atatu sanandiyankhule. Anasamukira kuchipinda chimene ankagona mwana wathu wamkazi asanakwatiwe. Galaja anaitseka. Anakonza denga la khonde, anakonza mpopi wa kubafa, chitseko chija anachithira mafuta. Apo m'pamene ndinadziwa kuti zinthu zafika poipa. Ndinatsitsa sutukesi pamwamba pa kabati, ndinaiyang'ana, ndinaibweza, ndinaitsitsanso.

Tsiku lachinayi masana anandipeza nditatsegula galaja n'kukhala pa tayala.

"Funso limodzi. Anakubwezani ndi iyeyo, kapena munabwerera nokha?"

"Ndekha."

"Chifukwa?"

"Maola asanu ankangokamba za iye yekha ndi galimoto yake. Ine ndikulira pambali pake, sanafunse ngakhale kamodzi. Pafupi ndi malire a Tennessee tinaima kuti timwetse mafuta. Analowa m'sitolo. Ndinamuona pa windo akutenga botolo la chakumwa. Limodzi, Curtis. Ndinakumbukira inu, amene ngakhale switi mumailuma pakati kuti tigawane. Makiyi anali atawasiya pomwepo."

"Ndiye?"

"Ndinasamukira ku chiwongolero n'kubwerera ku Ohio."

"Nanga Duane?"

"Ndinamusiya konko ndi botolo lakelo. Galimoto ndinakaisiya pakhomo pa bambo ake."

Anayang'ana chigoba cha Mustang ija. Kenako nsidze zinakumana.

"Dikira kaye. Imeneyi ndi yosintha magiya ndi dzanja."

"Eya."

"Maola asanu, wekhawekha?"

"Anayi ndi theka. Ndinkafulumira."

"Rhonda! Zaka 34 ukundiuza kuti kilatchi suidziwa! Ulendo wa ku Florida uja ndinayendetsa pikapu ndekha, dzino likundiwawa, iwe ukuswa mtedza pambali panga!"

"Ndikanati ndimadziwa, mukanafunsa amene anandiphunzitsa."

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira khoma, misozi ikutsika, kenako kusekako kunasanduka kulira kwenikweni. Nanenso ndinalira. Anakhala pa tayala lina pafupi nane, tonse mphuno zili noninoni ngati ana.

"Sindinakhululuke zonse," anatero atapukuta nkhope. "Za sinki zija zitenga nthawi. Koma unabwerera wekha, palibe anakukakamiza. Chimenecho ndachimva." Anatenga kathumba kaja pa shelefu n'kundiika m'manja. "Koma si ine ndekha amene unandinamiza."

7

Kwa a Marcy ndinapita ndekha. Sindinalowe m'nyumba. Ndinaimirira pa khonde n'kufotokoza zonse, kenako ndinawapatsa mphete ija.

"Ndi yanu, alamu. Inayenera kukhala yanu kuyambira kale."

Anaitembenuza, n'kuwerenga zilembo za mayina a makolo awo zimene zili m'kati. Inangokwana kachala kakang'ono. Analira mosabisa.

"Zaka zonsezi ndinkakuona ngati munthu wosasamala," anatero. "Kani unali wabodza."

"N'zoona."

"Amayi anga atsekeredwa m'chisa cha makoswe ine ndikukalamba."

Mwadzidzidzi a Marcy anadzutsa mutu.

"Wati ku Kentucky? Juni 1989?"

"Eya."

Anadzimenya pa ntchafu. "Mayo ine! Duane wakhala akuuza anthu kometa tsitsi kuti achifwamba atatu anamulanda galimoto ku Kentucky, iye n'kugwetsa awiri! Akuti anachita naye mantha mpaka anadzaibweza okha pakhomo! Achifwamba atatuwo ndiwe?"

"Ndine, alamu. Onse atatu."

Tinaseka mpaka galu wa a neba anayamba kuuwa. Kenako anandikokera m'nyumba kuti ndikamwe khofi. Ndinawapempha kuti zimenezi zithere pa ife. Analonjeza dzanja lili pamtima. Pofika Lamlungu, ngakhale woimba limba kutchalitchi ankandiyang'ana akudziluma milomo. Duane masiku ano amakameta ku tauni ina.

Owerenga anzanga, zaka zonsezo ndinkadziuza kuti bodza lija likuteteza banja langa. Linkateteza ine ndekha. Amene analisenza ndi a Curtis, amene ankadziimba mlandu kuti analephera kupeza mphete ya amayi awo, ndi a Marcy, amene ndinawamana chikumbutso chawo chokhacho, n'kudzimananso mlamu amene ndikanamaseka naye chonchi kuyambira kale. Zaka zimenezo sizibwerera. Ngati muli ndi kanthu kanu kamene munakankhira pa kabowo, kakatulutseni nokha munthu wina asanafike ndi sikuludiraiva.

Inu abambo osaka galimoto yoti muphwasule, gonani pansi muone dzimbiri, nunkhizani mipando, funsani za magiya. Koma musanagwirane chanza, tayang'ananiko nkhope ya akazi anu. Akati injini ikugogoda isanalizidwe, afunseni bwino.

Cobra yathu inatha mu Sepitembala, yabuluu ya mizere iwiri yoyera. Nthawi zambiri woyendetsa ndine, a Curtis amati ndili ndi zaka zambiri zoti ndibweze pa chiwongolero. Koma tikaima kuti timwetse mafuta, amatambasula dzanja, n'kuzula makiyi, n'kuwaika m'thumba asanalowe m'sitolo. Sindidandaula. Amatuluka ndi mabotolo awiri.